Keyala Inasamuka, Ine Ndili Pabedi Lomwelo

Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ku Holande ndinagona m'chipinda chimodzi, pabedi limodzi, ndipo sindinasamukepo. Ndayamba ndi mfundo imeneyi chifukwa kuno kwa Mwambo, kuchokera kusikimu ya mpunga ya Likangala mpaka kudoko, aliyense amadziwa zosiyana, ndipo amene anawauza zosiyanazo ndine ndemwe.

Kwathu ndi kwa Kuntumanji. Kwa Mwambo ndinabwera chikamwini nditakwatira Filomena, amake Rozi. Ndinkagwira ntchito pa kanyuzipepala ka mishoni, kulemba za maukwati, za mitengo ya matemba ndi za afisi ogwira mbuzi, kenaka kusaka zolakwika tisanasindikize. Mkonzi wathu ankati nkhani ili ndi miyendo inayi: ndani, kuti, liti, anatani. Zotsalazo ankati n'za pamowa.

Wansembe wina wachidatchi ndiye anandipezera malo kwawo kuti ndikaphunzire makina osindikizira. Ndinakapempha chilolezo kwa a Mulepa, amalume a mkazi wanga, eni mbumba. Anandimvetsera akusoka ukonde.

"Kumeneko kuli mgodi?"

"Kulibe, amalume."

"Nanga ndalama amazikumba pati?"

Iwo analuma ulusi, nati, "Pitani, akamwini. Koma mpunga sudikira munthu."

Filomena anandiperekeza mpaka pamsewu, Rozi ali kumbuyo. Sanalire. Anandipatsa matemba okazinga m'kathumba, nandiuza kuti ndizilemba makalata aafupi, chifukwa aatali ndi amene amakhala ndi mabodza.

Ndinafika ku Holande kampani yosindikizayo itagulitsa kale makina ake onse. Mchimwene wake wa wansembe uja anali mlembi wamkulu pa kaboma kena kakang'ono, ndipo pochita manyazi kundibweza, anandipereka kwa wosunga mapepala akale a kumeneko.

Ndifotokoze pang'ono. Dziko lija analidula m'timaboma ting'onoting'ono, kalikonse ndi meya wake, khonsolo yake ndi nyumba yake ya maofesi. Kathu kanali ndi matchalitchi awiri osapatsana moni, ngalande paliponse, ndi ng'ombe zosadziwa chilala. Nthaka yake kale inali pansi pa nyanja. Anthu anachita kuiphwetsa dala nyanjayo ndi mapampu. Atandiuza zimenezi ndinawapepesa. Kwathu nyanja ya Chilwa ikaphwa timagulitsa maukonde n'kuyamba mapemphero. Iwo anaphwetsa yawo n'kubzalapo mbatatesi, ndipo ankanyadira.

Bwana wanga dzina lake linali Kesi, munthu wamtali, woonda, wa khoti lotuwa lofika m'mawondo. Tsiku loyamba ananditsitsira kuchipinda cha pansi pa maofesi, nandipatsa kampeni, burashi ndi ndowa yopanda kanthu. Ntchito inali iyi: kumasula mtolo wa mapepala, kuchotsa mapini onse achitsulo, kupukuta fumbi, ndi kuika mapepalawo m'bokosi latsopano mwa dongosolo limene ndawapezera, osasuntha ngakhale limodzi. Mapiniwo ndiziponya m'ndowa.

"Dzimbiri limadya pepala," anatero m'Chingelezi chake chokoka. "Moto umadya msanga, madzi amadya msanga. Pini imadya mwaulemu, ndiye palibe amene amaiona."

"Ndikamaliza, bwana, ndidzatani?"

Anandiyang'ana, nayang'ana mashelefu amene anatalika mpaka kumene kuwala kwa getsi sikunkafika.

Mapepala kumeneko sawawerenga, amawayeza ndi mita ngati nsalu ya kwa mmwenye. Munali mabuku a obadwa, a okwatirana ndi a akufa. Munali zokambirana za khonsolo, msonkho wa agalu, zilolezo zoweta nkhumba pafupi ndi msewu. Ndinachotsa mapini pa mkangano wina wa kamlatho, umene anauyamba agogo, ana n'kuupitiriza, zidzukulu n'kuuwina mlathowo utagwa kale. Chidatchi changa ndinachitola m'mitolo imeneyi, choncho nditayamba kuyankhula, anthu musitolo ankati ndikumveka ngati woweruza wamakedzana amene wabwera kudzagula buledi.

Kesi ankaidziwa mbiri ya kabomako ngati ya banja lake, ndipo ankaifotokoza pa nthawi ya khofi. Poyamba mudziwo unali wa bwana wina amene ankatha kuugulitsa ndi anthu ake omwe. Kenaka kunabwera Afalansa, nalamula kuti aliyense akhale ndi dzina la banja ndipo alembedwe m'buku. Afalansa anachoka, mabuku anatsala. Pambuyo pake kamudzi koyandikana nako kanalephera kulipira mlembi wake, kathu n'kukameza, mapepala ake n'kubwera pangolo. Kesi ankawasunga pashelefu paokha monga ana opeza: osawazunza, komanso osawasakaniza ndi ake. Khofiyo inkabwera ndi bisiketi imodzi. Ukangotenga, chitini chinkatsekedwa dzanja lako lisanafike pakamwa.

Amoyo nawo sanawasiye. Munthu aliyense anali ndi khadi lake kumaofesi a pamwamba, ndipo ukasamuka, ngakhale kungowoloka msewu, unkayenera kukanena kuti alembe. Langa nalo linalipo.

Ndinkachita lendi pa Msewu wa Tchalitchi, m'nyumba ya mayi wina wamasiye, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, imene mano ake ankagona m'kapu ya madzi. M'chipinda choyang'anana ndi changa munali Hasani wa ku Moroko, amene ankasosola nkhuku mufakitale. Ankanditcha Dokotala wa Mapini. Iye ankabwera akununkha nthenga, ine fumbi la anthu akufa, ndipo tinkalimbana kuti watopa kwambiri ndani. Nyengo yozizira tinkaphika limodzi mpunga wa musitolo, wopanda fungo ngati pepala, ine n'kumamuuza za mpunga wa ku Likangala umene ukapsa mudzi wonse umadziwa. Iye ankati mlendo aliyense amanama za mpunga wa kwawo.

Lamlungu lina nkhuli itatikulira, ndinapinda pini imodzi ya m'ndowa, ndinamangirira ulusi, ndipo tinakakhala pangalande ya kuseri kwa nyumba. Nsomba za kumeneko n'zopusa, sizinaonepo munthu wa ku Chilwa. Tili pakati, bambo wina wa chipewa anaimitsa njinga n'kutifunsa chiphaso chowedzera. Hasani anaiwala Chidatchi chonse nthawi yomweyo. Mawa lake ndinadandaula kwa Kesi kuti nsomba ya m'madzi ilibe mwini. Iye anasangalala kwambiri. Anakwera pashelefu, natsitsa mtolo wonenepa wosonyeza amene anali mwini nsomba za m'ngalande imeneyo kuyambira nthawi ya bwana wogulitsa anthu uja. Unali wodzaza mapini. Ndinathera sabata yonse pa mtolowo.

Mphepo ya kumeneko imakutsutsa popita kuntchito, ndipo ukamabwerera imatembenuka n'kukutsutsanso. Zala zinkang'ambika ndi kuzizira ndi dzimbiri, ndipo nyengo ina ndinkalowa pansi kusanache n'kutuluka kutada, dzuwa n'kumangolimva kwa anthu. Koma mwezi uliwonse ndalama ndinkatumiza. Filomena anagula malata, nasunga puloti yathu ya kusikimu. Kumbuyo kwa envulopu iliyonse ndinkalemba keyala yomweyo.

Kenaka kulikulu la dziko anagamula kuti timaboma tachuluka, ndipo kathu kamezedwe ndi boma loyandikana nako, lalikulupo. Anthu anakwiya. Anayenda mumsewu ndi zikwangwani zonyoza nduna, dzina lake atalilemba bwinobwino. Ine ndinaima patali kuseri kwa mtengo, kudikira galimoto yodzawatola. Wapolisi anabweradi, mmodzi, panjinga, nawapempha kuti asaponde maluwa.

Kuyendako sikunathandize. Tsiku lomaliza khonsolo inakhala pansi, meya atavala unyolo wake wasiliva wa udindo. Anayankhula, anapukuta msozi, anavula unyolowo n'kuupereka kwa Kesi. Kesi anaumangirira kapepala, naulemba nambala, nandipatsa kuti ndikauike pashelefu. Ndinatsika nawo kuchipinda cha pansi. Ndinali ndisanaonepo munthu akuvula yekha ulamuliro masanasana, kenaka n'kukaima pamzere wa keke. Tsiku limenelo chitini cha mabisiketi sanachitseke.

Mapepala athu tinawakweza palole kupita kwa eni atsopano. Kesi anakhala kumbuyo kwa lole pamodzi ndi mabokosi, mphepo ikumuomba, ngati munthu woperekeza maliro. Titafika, wosunga mapepala wa kumeneko anatilozera shelefu ya pakona, paokha. Kesi anaiyang'ana, nati ndi bwino, iyenso akanatero. Tsopano ana opeza tinali ife.

Vuto langa linabwera ndi makwerero. Boma lotimezalo linalinso ndi Msewu wa Tchalitchi, ndipo misewu iwiri ya dzina limodzi m'boma limodzi imasokoneza wamakalata. Wamng'ono ndiye amagonja. Mmawa wina munthu anabwera ndi makwerero, namasula chikwangwani chathu, nakhomapo china: Msewu wa Kakowa. Manambala a nyumba anawayambanso mwatsopano. Madzulo ake ndinagona pabedi lomwelo, koma nambala, msewu ndi dzina la boma zonse zinali zina.

Ndinafuna kufotokozera akumudzi. Koma masiku amenewo makalata ochokera kunja ankafika kwathu atawerengedwa kale panjira, ndipo munthu wanzeru sakanalemba kuti "boma lathu latha" n'kuika dzina la mkazi wake pa envulopu. Ndinalemba mzere umodzi: "Keyala yasintha, muzilemba pa iyi." Mkonzi wathu akanandiyamikira.

Yankho la Filomena silinachedwe: "Amalume akuti tamva. Akuti mumupatse moni. Akuti mukapanda kufika mpunga usanakololedwe, ukwati watha, malata ndi a mwana."

Ndinaiwerenga kalatayo mpaka ndinamvetsa kuti woti ndimupatse moniyo ndani: mkazi amene ankaganiza kuti ndasamukira kwake. Hasani anaseka mpaka anakhala pansi pamasitepe. Ine ndinathamangira kwa Kesi.

"Bwana, ndikufuna pepala la chidindo lonena kuti sindinasamuke."

Kesi anali munthu wachifundo.

"Mukanasamuka, pepala likanakhalapo," anatero. "Ife timasunga zimene zinachitika. Zimene sizinachitike zilibe shelefu."

"Ndiye mundipatse khadi langa lija."

"Khadi silituluka mwini wake ali moyo. Mukamwalira, aliyense angathe kuliona."

"Ukwati wanga sungadikire mpaka pamenepo, bwana."

Anandigwira paphewa, chinthu chimene anali asanachitepo, nati pepani.

Mapini anali asanathe, koma ndinatsanzika. Hasani anandiperekeza kusiteshoni atasenza sutikesi yanga pamutu kuti Adatchi aone, nandilangiza kuti ndikanene zoona zokhazokha, chifukwa zoona sizipha munthu. Kwathu anali asanafikeko.

Nyumba yanga kwa Mwambo ndinaipeza ikung'anima ndi malata, koma sindinaloledwe kulowamo. Rozi, amene ndinamusiya ali kumbuyo, anali atakula n'kumatunga madzi. Anandigwadira, nati, "Takulandirani, alendo." Njinga yanga inali ndi mlamu wanga Witinesi, mchimwene wake wa Filomena, ataipaka utoto wina. Ndinagona kwa katekisiti mpaka tsiku la mlandu.

Tinakhala pansi pa mango kwa a Mulepa. Mbali yanga kunali achimwene anga a Lufeyo, nkhoswe yanga, amene anapalasa njinga kuchokera kwa Kuntumanji. Filomena anali pamphasa ndi amayi anzake, maso pansi. Panabweranso a Likaka, tcheyamani wa nthambi ya chipani, amene anati angodzamvera. Anakhala pampando wokhawo wa chotsamira, makadi a chipani akusuzumira m'thumba la malaya.

A Mulepa anaika maenvulopu awiri pansi, yakale ndi yatsopano, naitana Witinesi ngati katswiri. Witinesi anagwirapo ntchito ku Joni, anasiyako chala chimodzi, ndipo poyankhula ankaloza ndi kachitsa kakeko.

"Ine zakunja ndimazidziwa," anatero. "Mwamuna akakhala mukomponi, keyala yake sisintha. Ikasintha, ndiye kuti wapita kulokeshoni. Ndipo kulokeshoni, akuluakulu, munthu sapita kukapemphera."

Amuna onse amene anapondako ku Joni anagwedeza mitu.

"Akamwini," anatero a Mulepa, "ankakuphikirani ndani kumeneko?"

"Mayi mwini nyumba."

Amayi pamphasa anawomba m'manja. "Ehee!"

"Nkhalamba, amalume! Yoyenda ndi ndodo! Mano ake ankagona m'kapu!"

"Mwamva?" anatero Witinesi. "Akudziwa ndi kumene mano amagona."

"Nanga ntchito yanu inali yotani?" anapitiriza a Mulepa.

"Kuchotsa mapini pa mapepala."

"Zaka zonsezi?"

"Sanathe, amalume."

A Lufeyo anandiponda phazi. "Iwe, uzinama zomveka," anandinong'oneza.

Apa ndinaona kuti ukwati ukupita. Ndinaimirira n'kuyamba mwadongosolo, monga ndinaphunzirira. Ndinati nyumba sinasunthe. Ndinati ine sindinasunthe. Ndinati chimene chinasintha ndi dzina la msewu, chifukwa boma limene ndinkaligwirira ntchito linathetsedwa.

Mpando wa chotsamira unalira.

"Linatani?" anafunsa a Likaka.

"Linathetsedwa, a tcheyamani. Kaboma kakang'ono chabe, ka kumeneko. Mtsogoleri wake anavula unyolo wa udindo, anthu n'kudya keke."

"Anavula. Anamuvula ndani?"

"Yekha."

"Anthu n'kudya keke."

"Ndi khofi."

Nkhuku imene inkatola mpunga pafupi ndi mphasa inamveka ikumeza. Anthu ena a kumbuyo anakumbukira kuti asiya mbuzi zosamanga, nanyamuka. A Likaka anali amantha kuposa tonsefe, ndipo thukuta linali litayamba kutsika m'khosi mwawo. Anadziwa kuti akakanena zimenezi kumtunda adzafunsidwa chifukwa chake anakhala pansi n'kumamvera, ndipo akapanda kunena, wina adzawanenera.

"Khutu langa la mbali iyi limavuta," anatero pang'onopang'ono. "Boma silitha. Silinathepo ndipo silidzatha. Ndiye apa pali ziwiri. Mwina mkuluyu anapita kunja kukaphunzira kuyankhula zoukira, ndipo imeneyo si nkhani ya pansi pa mango, tikwera naye galimoto. Kapena anapeza mkazi, manyazi amugwira, ndiye akungobwebweta. A Mulepa, mwatiitanira iti?"

A Mulepa ankafuna kundiphunzitsa mwambo, osati kundipereka.

Amene anayankha ndi Filomena.

"Abambo a Rozi, musatitayitse nthawi, mpunga ukutha ndi mbalame. Analipo kapena panalibe?"

Apo anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. M'maso mwake munalibe funso, munali lamulo.

"Analipo," ndinatero.

Bwalo lonse linapuma. A Likaka anapukuta khosi, nati amuna tonse ndife ofooka. Okamanga mbuzi aja anabwerera. A Lufeyo anapepesa m'malo mwa banja lathu mwaluso kwambiri, ngati anabwera akuloweza panjira. Anandigamula kuti ndipereke mbuzi kwa eni mbumba ndi nsalu kwa mkazi wanga, ndipo a tcheyamani anandigulitsa makadi a zaka zonse zimene ndinali kunja. Madzulo ndinalowa m'nyumba yanga ya malata.

Mmawa mwake tili kusikimu kupirikitsa mbalame, ndinayamba, "Amake Rozi, zija ndinanena dzulo zija..."

"Ndikudziwa. Panalibe."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndatsegula sutikesi. Mabatani onse munasokera ulusi woyera, ndi pa malaya akuda pomwe. Palibe mkazi, kaya mzungu kaya ndani, angalole zimenezo zituluke m'nyumba mwake."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati zinthu zikadzasintha m'dziko muno ndidzauza anthu zoona.

"Mudzauza ndani? Kuchitsime ndanena kale kuti anali ndi galimoto ndi nyumba yosanja, ndipo anagwada pasiteshoni akulira, inu n'kumuuza kuti ayi, kwa Mwambo ndinasiya wokuposa. Mukufuna ndikhale mkazi wa munthu wochotsa mapini?" Anakoka chingwe cha zitini, mbalame n'kuuluka. "Tsitsi lake linali lofiira. Musaiwale."

Zinthu zinasinthadi. Nthawi ya chipani chimodzi inatha, ndipo a Likaka ndinawaona ndi maso anga ataima pamzere wa voti. Ndinayesa kufotokoza za Msewu wa Kakowa pamaliro, pamsika, ngakhale kwa Rozi yemwe. Amandimvera mwaulemu mpaka kumapeto, kenaka amafunsa ngati wa tsitsi lofiira uja amalembabe makalata. Mbiri yanga inakhazikika: ndine munthu amene anagwa kunja, nadzuka, nabwerera kwa mkazi wake. Chifukwa cha ichi mabanja amandiitana kukalangiza amuna opita kunja.

Loweruka likudzali ndaitanidwa kwa mdzukulu wa Witinesi, amene akunyamuka kupita ku Joni atangokwatira kumene. Akuyembekezera kuti ndikamuchenjeze za akazi a m'mayiko a eni, kuchokera pa zimene ndinaona ndekha. Amake Rozi ati apita nawo ndipo akakhala pafupi, kuti ndikalakwitsa mtundu wa galimoto akandikonze.